Kwa achimwene amene afunsa za Comrades

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati mwathamangapo mipikisano iwiri ya makilomita 21, mumagwira ntchito ku Durban kuno, ndipo mtima ukukuuzani kuti mulowe Comrades ya chaka chamawa, koma simukudziwa ngati n'zotheka komanso poyambira pake. Ndiyankha motalikirapo chifukwa inenso ndinafunsapo funso lomweli, ndipo anthu amangondiuza kuti "limba mtima basi". Kulimba mtima kokha sikukweza munthu phiri la Inchanga.

N'zotheka ndithu, koma mukayamba panopa. Comrades ndi mpikisano wothamanga pa msewu wa pakati pa Durban ndi Pietermaritzburg, makilomita pakati pa 86 ndi 90 malinga ndi chaka. Nthawi zina mumachokera ku Durban kukwera kumtunda (up run), nthawi zina mumachokera ku Pietermaritzburg kutsikira kunyanja (down run). Mumapatsidwa maola 12, ndipo m'njiramo muli malo angapo amene akakupezani mwachedwa amakutulutsani. Musanavale n'komwe nambala, muyenera kuonetsa kuti munamalizapo marathon ya makilomita 42.2 m'nthawi imene okonza mpikisano aika chaka chimenecho. Choncho ntchito yanu yoyamba ndi marathon imeneyo, Comrades muyambe mwaiika pambali. Lowaninso kalabu ya othamanga ya kufupi ndi kumene mukukhala. Za laisensi ya othamanga akakuthandizani komweko, koma chachikulu n'chakuti mudzapeza anthu okudikirani pageti 4 koloko m'mawa tsiku limene bulangete likukoma.

Ine ndinayamba ndi up run. Kuyambira Januwale mpaka Meyi ndinkathamanga masiku anayi kapena asanu pa sabata, ndipo kabuku kanga kamaonetsa makilomita opitirira pang'ono 1,000 m'miyezi imeneyo. Pakati pa sabata ndinkangopanga 10 kapena 12 ndisanapite kuntchito, tsiku limodzi n'kulipatulira zitunda zokhazokha. Lamlungu ndiye linali la mtunda wautali: 25, 30, kenako 35, mpaka mu Epulo ndinapanga ulendo umodzi wa 56. Masabata atatu omaliza mumachepetsa, thupi lipume. Pamenepa ambiri amalakwa chifukwa mantha amawauza kuti awonjezere, mapeto ake amafika poyambira miyendo ili yotopa kale.

Koma chimene ndikufuna mugwiritsitse ndi ichi: phunzirani kuthamanga pang'onopang'ono, ndipo phunzirani kuyenda. Anthu ochokera ku ma 21 zimawavuta kwambiri chifukwa anazolowera kuti liwiro ndiye ulemu. Tawerengerani nokha: makilomita 87 m'maola 12 ndi mphindi 8 ndi timasekondi pa kilomita iliyonse. Liwiro limenelo mukhoza kumacheza ndi mnzanu bwinobwino osapuma wefuwefu. Vuto ndi kulisunga kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa kupendeka. Ulendo wanu wa Lamlungu uzikhala wa liwiro loti mukhoza kufotokoza nkhani yonse ya kumudzi, ndipo pa chitunda chilichonse chachikulu muziyenda mwadala, manja akugwedezeka, mapazi akufulumira. Kuyenda kumeneku kumafuna kukuzolowera ngati kuthamanga komwe. Mukadzayamba kuyenda tsiku la mpikisano chifukwa choti mwatheratu, ndiye kuti mwachedwa nako.

Ndinaziona ndi maso pa Fields Hill. Tinanyamuka pa City Hall mdima ulipo, atangoika mawu ojambulidwa a kulira kwa tambala amene amawaika chaka chilichonse, kenako mfuti. Ndinali kumbuyo kwambiri moti panatha mphindi zingapo ndisanadutse mzere woyambira. Cowies Hill tinaikwera anthu akuseka. Titadutsa Pinetown n'kuyamba Fields Hill, chitunda cha makilomita pafupifupi atatu chokhotakhota, ine ndinayamba kuyenda monga ndinakonzera. Anyamata ambiri anandipitirira, wina mpaka anandigwira paphewa kundilimbikitsa poganiza kuti ndafooka. Mumtima munandiwawa, ndisaname. Koma titadutsa Drummond, pakati penipeni pa ulendo, n'kuyamba kukwera Inchanga dzuwa lili pamutu, ndinayamba kuwapeza mmodzimmodzi atakhala m'mphepete mwa msewu, atagwira akatumba, minofu itakokana. Mmodzi anali atagona chagada, mnzake akumukankha phazi kuti mwendo uwongoke. Akuluakulu anati kuthamanga sikufika, ndipo pa msewu umenewu mawuwo amaoneka ndi maso.

Zitunda zotchuka ndi zisanu: Cowies, Fields, Botha's Hill, Inchanga ndi Polly Shortts. Mwayi wanu ndi woti muli ku Durban, zonsezi zili pakhomo. Pitani mukazikwere Lamlungu lina ndi a kalabu, mudziwe pamene zimakhotera ndi pamene zimathera. Koma dziwani kuti pakati pa zisanuzi palinso zitunda zambiri zopanda dzina zimene zimadya miyendo mwakachetechete. Ndipo mukapita kumudzi pa Khirisimasi musasiye nsapato. Ine ndinkakwera msewu wopita pamwamba pa phiri la Zomba m'mamawa, ndipo unandithandiza kuposa china chilichonse.

Za kudya ndisachulutse. Usiku woti mawa mpikisano idyani chimene mimba yanu imadziwa. Ine ndinadya nsima ya ndiwo zopanda mafuta ambiri, nthawi ikadalipo. M'njira muli matebulo ambiri a madzi a m'timapepala, Coke, nthochi, malalanje, ndi mbatatesi yophika yothira mchere. Mbatatesi imeneyo ikafika nthawi ya masana imakoma kuposa nyama. Yambani kudya msanga musanamve njala, ndipo chilichonse chimene mukufuna kudzadya tsikulo muyambe mwachiyesa pa maulendo a Lamlungu. Nsapato zatsopano ayi, sokosi zatsopano ayi. Pakani Vaseline m'ntchafu, m'khwapa ndi pa nsonga za mabere, apo ayi malaya adzakusupulani mpaka magazi. Zikhadabo za kumapazi muwenge kutatsala sabata imodzi.

Pali malo amodzi amene sindiwaiwala. Mukatsika Inchanga mumapeza ana a sukulu ya Ethembeni, ana olumala ndi osaona, atandandalika m'mbali mwa msewu, ena pa njinga zawo, manja atatambasula kuti muwagunde. Ndinafika pamenepo miyendo ikulemera ngati yamangiriridwa miyala, koma nditagwira timanja timeneto misozi inalengeza, ndipo ndinathamanga makilomita angapo osamva ululu.

Kuchokera pamenepo ndiye pamene mutu umayesedwa. Harrison Flats, Cato Ridge, Camperdown, msewu wautali wopanda mthunzi. Zikwangwani za Comrades zimawerenga makilomita otsala, choncho mukaona 30 mtima umafuna kugwa mphwayi. Ine ndinasiya kuziyang'ana, ndinkangoti ndikafike pa tebulo linalo. Apa ndi pamene "basi" imathandiza. Basi ndi gulu lotsogozedwa ndi munthu wonyamula kambendera kolembedwa nthawi imene akufuna kumaliza, monga maola 11 kapena 12. Iye ndi amene amanena pothamanga ndi poyenda, ena akuimba, inu n'kumangotsatira. Ndinakwera ya maola 11 pafupi ndi Camperdown ndipo inandinyamula mpaka pa Polly Shortts, pamene inandisiya. Polly imabwera kutatsala makilomita osakwana 10, ndipo musanyengedwe ndi kachitunda kamene kamayamba, ako ndi Little Pollys chabe. Polly yeniyeni ndinaiyenda yonse kuyambira pansi mpaka pamwamba, ngati mmene ankachitira pafupifupi aliyense amene ndinali naye.

Ndinalowa m'bwalo patatha maola 11 ndi mphindi 20, ndipo anandiveka mendulo ya Vic Clapham, imene amapereka kwa omaliza pakati pa maola 11 ndi 12. Clapham ndi msilikali wa nkhondo yoyamba ya dziko lonse amene anayambitsa mpikisanowu mu 1921 pokumbukira anzake amene anafera kunkhondo. Kamendulo kake n'kakang'ono, kokwana m'chikhatho. Sindinachoke msanga, ndinakhala pa udzu kudikira mfuti ya maola 12. Woombayo amafulatira othamanga kuti asaone amene akumutsekera. Bwalo lonse linkawerenga masekondi mokuwa, anthu akukokana, ena atanyamula mnzawo m'mapewa. Mfuti italira, bambo wina anali atatsala masitepe osakwana khumi. Anagwada pomwepo, ndipo anthu osamudziwa n'komwe anapita kukamudzutsa.

Ndiye sabata ino chitani ziwiri, achimwene: pezani kalabu, ndipo sankhani marathon yanu yoyamba, makamaka ya chaka chino chisanathe kuti ikakuvutani mukhale ndi mpata woyesanso. Mukaisankha lembani pano tsiku lake ndi makilomita amene mukupanga pa sabata panopa, tidzaone limodzi mmene mungakwezere osavulala mawondo.