Kalata ya Ford: wotulutsa ndi wina, wolemba ndi wina

Mu 2018, Pulezidenti wa America Donald Trump adasankha Brett Kavanaugh kuti akhale woweruza m'khoti lalikulu la dzikolo, ndipo nyumba ya malamulo ya Senate inayenera kuvota kuti imuvomereze. Mayi wina wandilembera imelo kufunsa kuti: "Achimwene, pa nkhani ya Brett Kavanaugh ija, wodandaula adapempha kuti dzina lake libisike, kenako kalata yake n'kutuluka nthawi yovota itayandikira. Si ndale basi zimenezo? Munthu woneneza mnzake ali mobisala tingamukhulupirire bwanji?"

Mayi, ndale zidalipo, zimenezo sindikukana. Koma tione kuti adazichita ndani.

Pa 30 Julayi 2018, Christine Blasey Ford, mphunzitsi wa pa yunivesite ku California, adalembera Senator Dianne Feinstein wa chipani cha Democrat, amene anali mu komiti ya Senate younika Kavanaugh, kuti Kavanaugh adafuna kumugwirira kalekale, onse akali pa sukulu ya sekondale ku Maryland. Adapempha kuti zikhale zachinsinsi. Kavanaugh adakana mlanduwo kwamtuwagalu, ndipo sadasinthe mawu. Feinstein adasunga kalatayo pafupifupi masabata 6, mpaka pa 12 Seputembala pamene nyuzi ya pa intaneti ya The Intercept idalemba kuti kalata yotere ilipo.

Amene adanong'oneza atolankhani adadziwa chimene ankachita. Voti inali pafupi, a chipani cha Democrat ankafuna kuchedwetsa zinthu, ndipo kalatayo idawathandiza. Feinstein adakana kuti iye kapena antchito ake ndiwo adaulula. Komabe, kaya adaulula ndani, mtima wa munthu ameneyo sukutiuza ngati Ford ankanena zoona kapena zabodza. Wotulutsa ndi wina, wolemba ndi wina. Ndipotu Ford adayamba kuuza nyuzi ya The Washington Post komanso ofesi ya phungu wake, Anna Eshoo, kumayambiriro kwa Julayi, Donald Trump asanalengeze pa 9 Julayi kuti wasankha Kavanaugh.

Pa za kubisala mukunena zoona pang'ono. Munthu sangaluze mpando wa moyo wake wonse m'khoti lalikulu chifukwa cha mawu opanda mwini. Ayenera kudziwa womuneneza kuti ayankhe. Koma Ford sadabisale mpaka mapeto. Iye mwini adafotokoza kuti atolankhani adafika pakhomo pake, nayamba kulankhula ndi galu wake pawindo kuti asiye kuuwa, wina n'kulowa m'kalasi mwake, iye n'kumayesa mwana wa sukulu. Pa 16 Seputembala adadzitchula yekha m'nyuzi, pa 27 adalumbira pamaso pa komiti dziko lonse likuonerera. Adaopsezedwa kuti aphedwa, banja lake lidathawa m'nyumba. Kupempha chinsinsi kuja kunali kuopa zomwezi.

Amene ndimamuda kwambiri ndi Feinstein. Njira inalipo: kuuza Ford mu Ogasiti kuti nkhani yotere siingagwire ntchito ili m'kabati, n'kumupempha kuti komiti ndi apolisi ofufuza milandu a FBI afufuze mwakachetechete. Kuchedwa kwake kudachititsa kuti a FBI apatsidwe sabata imodzi yokha, ndipo sadafunse Ford kapena Kavanaugh. Onse awiri adalakwiridwa pamenepo.

Aka sikanali koyamba. Mu 1991, zimene Anita Hill adauza komiti yomweyi, Joe Biden ali wapampando, zoti Clarence Thomas, amenenso adasankhidwa kuti akhale woweruza m'khoti lomwelo, ankamuvutitsa ndi nkhani zachiwerewere kuntchito, zidafika kwa atolankhani Nina Totenberg wa wailesi ya NPR ndi Timothy Phelps wa nyuzi ya Newsday. Senate idalemba loya wapadera kuti apeze woulula, koma sadamupeze. Thomas adadutsa ndi mavoti 52 kwa 48. Kavanaugh adadutsa pa 6 Okutobala 2018 ndi 50 kwa 48, maseneta pafupifupi onse atavota motsata chipani.