Ulendo wa ku Mauritius: sankhani mwezi musanagule tikiti

Mayi wina wa ku Zomba watilembera kuti iye ndi amuna ake akukwanitsa zaka 10 ali pabanja, ndiye akufuna akapume sabata imodzi ku Mauritius mu Febuluwale. Akufunsa za viza, njira yodzera, ndalama komanso malo ogona.

Mayi, ngati n'kotheka sunthani mweziwo. Kuyambira Novembala mpaka Epulo kumeneko ndi nyengo ya anamondwe, ndipo amavuta kwambiri pakati pa Januwale ndi Malichi. Freddy uja anatisiya manja ali m'khosi m'chigawo chakummwera mu Malichi 2023 anali atadutsa chakumpoto kwa Mauritius mu Febuluwale. Machenjezo a anamondwe ku Mauritius ali m'magawo anayi. Akalengeza gawo lachitatu, Class 3, mabasi amaima, masitolo amatseka, ndege zimayamba zadikira, inu n'kumangobindikira m'chipinda chomwe mwalipira madola. Pa ulendo wa masiku 7, kutaya awiri chotero n'kowawa. Meyi, Seputembala ndi Okutobala ndi miyezi yabwino. Juni mpaka Ogasiti kumazizirirako ndipo kumawomba mphepo yonga mwera wa ku nyanja kwathu, yomwe imavutitsa magombe a kum'mawa ndi kummwera. Mukapita nthawi imeneyo kagoneni kumadzulo ku Flic en Flac kapena kumpoto ku Trou aux Biches ndi Pereybere.

Ndi pasipoti ya Malawi simufunika kukatenga viza; amakudindirani pofika. Koma pa bwalo la ndege la Sir Seewoosagur Ramgoolam amafuna kuona tikiti yobwerera, umboni wa malo ogona olembetsa kale, ndi ndalama zokwana madola 100 patsiku. Zonsezi zisindikizeni papepala, foni imatha moto pa nthawi yolakwika. Dzazaninso pa intaneti fomu yotchedwa All in One Travel Form musananyamuke.

Pali china chimene chimadzidzimutsa Amalawi ambiri. Mauritius anathetsa malungo, ndipo salola kuti abwererenso. Poti mukuchokera dziko la malungo, azaumoyo akhoza kukuimbirani kapena kukupezani komwe mukugona kuti akutengeni magazi pachala. Si chipongwe, ndi lamulo lawo, choncho lembani adiresi ndi nambala yolondola. Ngati mumamwa mankhwala tsiku ndi tsiku, asachoke m'mabokosi ake ndipo mutenge kalata ya adokotala, makamaka a ululu okhala ndi codeine.

Njira yosavuta ndi kukwerera ku Chileka mpaka Johannesburg, kenako maola anayi mpaka Mauritius. Ena amadzera ku Nairobi, koma mukakhala kumeneko maola opitirira 12 akhoza kukufunsani khadi la katemera wa yellow fever. Mukagula matikiti awiri ku makampani osiyana, siyani maola anayi kapena kuposa pakati pake, chifukwa muyenera kutenga zikwama n'kukazilembetsanso, ndipo ndege yoyamba ikachedwa yachiwiri siikudziwani. Nthawi ya ku Mauritius ili patsogolo pa yathu ndi maola awiri.

Kwacha kumeneko sasintha. Kusowa kwa ndalama zakunja mukukudziwa, ndiye pitani ku banki mwezi wathunthu ulendo usanafike, tikiti ndi pasipoti m'manja. Funsani malire a khadi lanu mukaligwiritsa ntchito kunja, ndipo musadalire khadilo lokha. Madola, mayuro kapena marandi mumasintha kukhala marupi pabwalo pomwepo.

Za kogona, mahotela a m'mphepete mwa nyanja ndi omwe amadya thumba. Nyumba yodziphikira, ngakhale ili mphindi zisanu kuchoka kumadzi, imachepetsa kwambiri, ndipo simuluza kanthu chifukwa magombe a boma ndi aulere kwa aliyense. Masana idyani za pamsewu: dholl puri, kachikondamoyo kopyapyala ka nandolo wopera komwe amakulungamo ndiwo za nyemba ndi tomato n'kukupatsani tiwiritiwiri papepala, kapena gâteaux piments, timipira tokazinga ta tsabola. Mabasi ndi otchipa koma m'madera ambiri amasiya kuyenda kukangoda. Galimoto amayendetsa kumanzere ngati kwathu, ndipo pulagi ya mano atatu imalowa m'malo ambiri.

Madzi ake musawayese a ku Mangochi. Pansi pali miyala yakuthwa ya korali ndi tizilombo taminga, choncho gulani nsapato za labala zosambirira. Sambirani mkati mwa mpanda wa korali momwe madzi ndi odekha, osayandikira pamipata pomwe amakokera kunja. Ku Gris Gris kulibe mpandawo; kumeneko n'kongoonera mafunde basi.

Pa malo oti muone, Chamarel ndi dothi lake la mitundu 7 komanso munda wa zomera wa Pamplemousses n'zokwana tsiku limodzi lililonse. Koma Le Morne musaisiye. Ndi phiri lomwe akapolo othawa, ambiri ochokera ku Madagascar ndi Mozambique, ankabisalako ukapolo usanathe mu 1835, ndipo bungwe la UNESCO linaliika pa mndandanda wake wa malo ofunika kusungidwa padziko lonse mu 2008. Yambani kukwera m'mamawa dzuwa lisanawawe, aliyense ndi malita awiri a madzi. Chigawo chomaliza n'chokwawa ndi manja pamwala, ndiye ngati kwagwa mvula kapena mawondo amavuta, lekezerani pakati pomwe njira yabwino imathera. Nyanja yonse ya kumadzulo imaoneka bwino pamenepo.