Kwa mayi wa zitenje wa ku Chilenje: dzina la pa intaneti lilembedwe m'dzina lanu

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Chilenje. Amaoda zitenje ku Kamwala, n'kusoketsa madiresi ndi zikwama, ndipo malonda amayendera pa Facebook ndi WhatsApp. Kampani ina yafuna zikwama zambiri za msonkhano, yapempha kuti mitengo itumizidwe pa imelo. Mayiwa achita manyazi chifukwa adiresi yawo ndi ya Gmail imene mwana wawo anawatsegulira kalekale, ya dzina lachibwana ndi manambala. Tsopano mnyamata wina wawalonjeza kuti awakonzera zonse, domain, imelo ndi webusaiti, iwo angopereka ndalama kamodzi. Akufunsa ngati avomere.

Amayi, zikomo polemba. Musanapereke ngwee iliyonse, tisiyanitse zinthu ziwiri zimene anthu amagulitsa mu mtolo umodzi. Domain ndi dzina lija limabwera pambuyo pa chizindikiro cha @. Hosting ndi malo amene makalata anu amafikira ndi kusungidwa. Ife a mu Lusaka nkhani za mapuloti timazidziwa bwino: munthu amamanga nyumba yokongola, kenako n'kupeza kuti mapepala a malowo ali m'dzina la wina. Domain ndiye puloti. Kosungira imelo mungasamuke chaka chilichonse popanda makasitomala kudziwa, koma dzina likakupulumukani, zonse zomangidwa pamenepo zapita.

Ndikulankhula zimene zinandigwera. Pamene ndinkayamba kabizinesi kanga, ndinapereka ndalama kwa wachibale wa mnzanga kuti andikonzere zonse. Anagwiradi ntchito yabwino, koma domain anailembetsa pa akaunti yake. Patapita chaka anasamukira ku Copperbelt, nambala ya foni anasintha, nthawi yolipiranso inakwana, uthenga wochenjeza unkapita kwa iye. Tsiku lina makalata anangosiya kubwera. Makadi amene ndinasindikiza, zikwangwani, makasitomala amene ankandilembera, zonse zinathera m'madzi. Mpaka lero mtima umandipweteka ndikakumbukira anthu amene anaganiza kuti ndatseka.

Ndiye chofunika kwambiri n'chakuti akaunti ya kukampani yolembetsa domain mutsegule nokha, m'dzina lanu, ndi nambala ya foni yanu. Gmail yakale ija musaitaye, ndiyo muike ngati adiresi yolandirira machenjezo. Musaikepo adiresi yatsopano ya pa domain yomweyo, chifukwa domain ikafa, uthenga wokuuzani kuti yafa sudzakupezani. Muyatsenso chitetezo chija chotumiza nambala yachinsinsi pa foni pofuna kulowa.

Funso lotsatira ndi lakuti dzinalo lithere ndi chiyani. Mayina a dziko lathu amathera ndi .zm, monga .co.zm, ndipo amayang'aniridwa ndi ZICTA, bungwe la boma loona za mafoni ndi intaneti. Mumalembetsa kudzera m'makampani a kuno amene anavomerezedwa, ndipo ubwino wake n'ngwakuti mumalankhula ndi anthu amene mungawaimbire foni kapena kuwapitira ku ofesi. Mayina othera ndi .com amayendetsedwa ndi kampani ya Verisign ya ku America, ndipo mumagula kudzera m'makampani ngati Namecheap, GoDaddy kapena Cloudflare. Kumeneko mtengo uli m'madola, ndipo pamafunika khadi la banki lololedwa kulipira pa intaneti. Kwacha ikagwa, mtengo wanu wakwera ngakhale iwo sanasinthe kanthu. Maganizo anga ndi awa: ngati ogula anu ali mu Lusaka, ku Ndola ndi ku Chipata, .co.zm ndi yokwanira ndipo imaonetsa kuti ndinu a pano. Ngati mukuyembekezera kutumiza zitenje kwa abale a ku London kapena Johannesburg, .com anthu anaizolowera kulikonse. Dziwaninso kuti kulembetsa dzina la bizinesi ku PACRA sikukupatsani domain. Ndi nkhani ziwiri zosiyana, choncho fufuzani msanga ngati dzina lanu lili mpata wina asanalitenge. Sankhani lalifupi, loti mukalitchula pa foni muli mu phokoso la ku Soweto Market munthu alembe osakufunsani kawiri.

Pa mtengo, musakopeke ndi wa chaka choyamba. Ambiri amatsitsa poyamba kuti mulowe, chaka chachiwiri n'kukweza. Funsani mtengo wolipiranso. Domain sigulidwa kwamuyaya, imachita kubwerekedwa chaka ndi chaka, ngakhale .com mungailipire mpaka zaka 10 nthawi imodzi. Ikatha osalipira, pamakhala kanthawi kochepa koiwombola, koma mukachedwa kwambiri mtengo wake umakhala wowawa, ndipo pambuyo pake aliyense angaitenge. Komanso mukalembetsa .com yatsopano, simungaisamutsire ku kampani ina mpaka patapita masiku 60, ndiye sankhani mofatsa.

Tibwere ku imelo. Makampani ambiri osunga mawebusaiti amapereka imelo ngati basela. Ndi yotchipa, ndipo ena imawayendera bwino, koma mumakhala pa seva imodzi, kompyuta yosungira makalata, ndi anthu ambirimbiri. Mmodzi akayamba kutumiza makalata achinyengo, mbiri ya nonse imada, ndipo mitengo yanu ya zikwama imakathera mu spam, bokosi la makalata osafunika. Kwa inu amene munazolowera kale Gmail, Google Workspace ndi yosavuta: maonekedwe ndi omwewo pa foni, koma adiresi ndi ya dzina lanu, ndipo pa mtengo woyambira mumapatsidwa malo a 30GB m'malo mwa 15GB za Gmail yaulere. Microsoft 365 imayenera amene ntchito zawo zili mu Outlook ndi Excel. Zoho Mail nthawi zambiri imatsikirako mtengo, ndipo kwa bizinesi ya munthu mmodzi kapena awiri ndi yokwanira. Onsewa amawerengera pa munthu aliyense. Apa pali njira yopulumutsira ndalama: lipirani bokosi limodzi, kenako muonjezere mayina ena otchedwa alias, monga oda@ kapena malonda@, onse azigwera m'bokosi lomwelo popanda kulipira zina.

Wina akakuuzani kuti imelo azikusungirani pa kompyuta ya kunyumba kwake, kanani. Tonse tikukumbukira 2024, madzi atachepa ku Kariba, momwe magetsi ankazimira pafupifupi tsiku lonse, ndipo kompyutayo ikazima makalata safika.

Pali mawu anayi amene ndikufuna muwalembe pa pepala, ngakhale simukuwamvetsa bwino: MX, SPF, DKIM ndi DMARC. MX imauza dziko kumene makalata anu azipita. Atatu enawo ali ngati chidindo chotsimikizira kuti kalata yachokeradi kwa inu, osati kwa wakuba wogwiritsa dzina lanu. Kuyambira mu February 2024, Google ndi Yahoo anakhwimitsa malamulo, moti kalata yopanda zidindozi imatha kukanidwa kapena kuponyedwa mu spam. Amene akukukonzerani akanena kuti wamaliza, tumizani kalata kwa m'bale wa Gmail ndi wina wa Yahoo, muone ngati yafika pabwino, nawonso akuyankheni. Zikatero m'pamene mumalize kulipira.

Mnyamata uja musamuthamangitse. Mwina ndi wokhulupirika ndipo luso ali nalo. Mulipireni ntchito ya manja ake, koma mukhale naye pampando umodzi polembetsa, pasiwedi mulembe nokha, khadi likhale lanu, lisiti libwere kwa inu. Akakana zimenezi, funani wina. Webusaiti ingadikire mpaka malonda atakula, pakuti domain ndi imelo zimagwira ntchito popanda iyo.

Koma za kampani ya zikwama ija, amayi, musadikire zonsezi. Tumizani mitengo lero lomwe pa Gmail imene muli nayo, mulembe dzina la bizinesi, nambala ya foni ndi TPIN yanu, nambala ya msonkho ija, pansi pa kalatayo. Adiresi yatsopano ikayamba kugwira ntchito mudzawadziwitsa.