Achemwali, Lolemba mupite mutavala

Achemwali ndawerenga zomwe mwalembazi kawiri manja akunjenjemera. Zoti abwana akupatsani mpaka Lolemba kuti musankhe hijabu kapena ntchito, ine zinandionekera ndendende, kungoti ine sanandipatse olo ola limodzi loti ndiganize.

Ndinalembedwa pa risepushoni pakampani ina yake, dzina sinditchula. Ku intavyu ndinapita nditavala hijabu, anthu atatu anandipanikiza ndi mafunso pafupifupi ola lathunthu palibe anatchulapo za kumutu kwanga. Chithunzi cha pa ID ya kuntchito anandijambula nditavala. Ndagwira masabata atatu bwinobwino nde kunabwera manijala watsopano, mzimayi mnzanga, ndipo tsiku limenelo kumabwera alendo ochokera ku likulu la kampani. Inali cha m'ma 8 koloko, pabenchi pali makasitomala akudikira, mlonda waima pakhomo, mnyamata wina akukolopa. Mayi uja anangofika n'kuima kutsogolo kwa desiki yanga, moni ayi, ati "Iwe, chinsanza chili kumutucho chotsa, pano si pamzikiti." Chinsanza! Mawu amenewo mpaka lero ndikamamanga hijabu pagalasi ndimawamva m'khutu. Ndinayankha mwaulemu kuti madam ndinalembedwa chonchi, ati "Amene anakulembawo kulibe, pano ndine." Ndinapempha kuti chabwino ndikavulire ku toyileti. Anakana. Ati pompano, ndilibe nthawi.

Ndinavula achemwali. Ndinavulira pamaso pa anthu onsewo. Zala sizimagwira, pini yapansi pachibwano inakana kutseguka, nditaikakamiza inandibaya chala magazi n'kudontha pa bulauzi yoyera, iwo ali chiimire manja m'thumba kundiyang'ana ngati akudikira galu asiye fupa. Mkatimo munali kachipewa kaja timavala mkati, ndimaganiza kuti kameneko andisiyira, ati kameneko kachokenso. Tsitsi langa linali lamizere yakalekale yoyamba kumasuka, sindinakonzekere kuti wina aliona, ndipo chiyambire ndili ndi zaka 14 panalibe mwamuna wakunja kwa banja lathu analionapo. Mlonda uja anaweramitsa mutu kuyang'ana nsapato zake. Bambo wina wachikulire pabenchi analankhula motsitsa kuti amayi musiyeni mwanayu, mayi aja anangomuyankha kuti bambo dikirani muthandizidwe. Ena onse zii. Ndinapinda hijabu yanga n'kuyiika mu dirowa pamodzi ndi ma stapler ndi ma envelopu, ndipo ndinakhala pampando umenewo mpaka 5 koloko mphepo ya AC ikundiwomba pakhosi, ndikuyankha foni kuti takulandirani mawu akutuluka movutikira. Munthu amene sanavalepo sangamvetse, amaona ngati ndi mpango wamba, koma ine tsiku limenelo ndinkadzimva ngati ndakhala pamenepo opanda bulauzi. Alendo amene ankawaopawo anafika cha m'ma 11, anadutsa pa desiki yanga osatembenuka n'komwe.

Chimene chimandiwawa kwambiri mpaka pano, mayi ameneyo tsiku limenelo anavala buluku. Buluku ndithu! Lamulo la 1973 la nthawi ya Kamuzu linkaletsa mkazi kuvala buluku kapena siketi yoonetsa mawondo, ndipo linakhalapo mpaka 1993, kutanthauza kuti mayi ake omubereka akanavala chomwe iye anavalacho akanatengedwa ndi apolisi. Anthu anavutika kuti iye adzavale chomwe akufuna, iye wapeza kampando basi akuyamba kuvula mnzake. Ndimafuna nditamufunsa kuti kodi ufulu umenewu anaupereka kwa miyendo yokha, mutu ayi? Mxii. Munthu wopanda chisoni ngati ameneyo sindinamuonepo, ndipo sanabwereko olo tsiku limodzi kunena kuti ndinalakwitsa kalankhulidwe, amandidutsa m'mawa uliwonse n'kuyang'ana kumutu kwanga kaye asanayang'ane kumaso.

Ndinakhala miyezi inayi ndikuvulira pageti m'mawa n'kuvalanso pageti madzulo. Kunyumba sindinanene, amuna anga anadziwa nditasiya kale. Nditatopa ndinapita kwa a HR, ofesi yoona za ogwira ntchito, kukadandaula, mukudziwa anandiyankha chani? Ati kampani ilibe lamulo loletsa hijabu, munavula mwakufuna kwanu. Eeh. Ndinafunsa anzanga amene analipo tsiku lija kuti andichitire umboni, wina ati sindinamve bwino, wina ati ndili ndi ana asisi mundimvetse. Mlonda uja anali atasinthidwa malo. Ndinalibe pepala, ndinalibe meseji, ndinalibe kalikonse, nde ndinangolemba kalata yosiya ntchito n'kukhala pakhomo chaka ndi miyezi iwiri.

Nthawi yokhala pakhomoyo ndi imene ndinayamba kuwerenga za nkhanizi usiku pafoni tulo titakana, ndipo ndikuuzeni, inu amene mukulemba m'makomenti kuti malo a eni ake tsatirani malamulo, lamulo nalonso limalakwa. Ku France mu 2004 anakhazikitsa lamulo loletsa ana kuvala hijabu m'sukulu za boma, mu 2010 anaonjeza lina loletsa kuphimba nkhope pagulu chindapusa chake mpaka ma euro 150, mu 2023 analetsanso abaya, diresi lalitali lija lofika kumapazi, m'sukulu. Ku Iran ndi mbali inayo, mkazi amakakamizidwa kuvala, ndipo Mahsa Amini mtsikana wa zaka 22 anagwidwa ku Tehran ati sanavale bwino hijabu, anamwalira pa 16 September 2022 patangodutsa masiku atatu chimugwirireni. Ku Sudan mu 2009 mtolankhani Lubna Hussein anamangidwa chifukwa cha buluku, mlandu womwe chilango chake chinali zikoti mpaka 40. Ine ndine Msilamu, hijabu ndimaikonda ndi mtima wanga wonse, koma nkhani ya Mahsa nditaiwerenga ndinalira chimodzimodzi mmene ndinalirira tsiku la pa desiki lija, chifukwa ndimadziwa mmene zimamvekera munthu wamphamvu akaima patsogolo pako n'kumalamula za thupi lako iwe ulibe pothawira. Wina akuti vula, wina akuti vala, koma mkazi mwiniwakeyo palibe amamufunsa.

Nanunso abale anga achisilamu muli mugulu muno musandikwiyire. Ena mwa inu mukumuikira kumbuyo mchemwaliyu lero, koma mukaona video ya mtsikana akuvulidwa mumsewu chifukwa cha mini mumalemba kuti wazifuna. Mu January 2012 mavenda atavula akazi ovala mabuluku ndi masiketi aafupi ku Lilongwe ndi mizinda ina, akazi anachita msonkhano wotsutsa ku Blantyre, mpaka pulezidenti Bingu wa Mutharika analankhula kuti mkazi ali ndi ufulu wovala chomwe akufuna. Ufulu umene unateteza atsikana amenewo ndi womwewo ukuteteza hijabu yanga, sitingausankhe pomwe watikomera pokha. Ine mini sindingavale ndipo mwana wanga ndimamulangiza mmene ndimakhulupirira, koma dzanja la munthu wina pa chovala cha mkazi ayi.

Tsopano inuyo achemwali. Malamulo ali kumbali yanu, zimenezi ine ndinadziwa mochedwa. Gawo 33 la malamulo aakulu a dziko likupereka ufulu wa chipembedzo, gawo 20 likuletsa tsankho, ndipo lamulo la zantchito la 2000 pa gawo 5 likuletsa olemba ntchito kusala munthu chifukwa cha chipembedzo chake. Za sukulu zija munazimva, mkangano wa hijabu ku Balaka mu 2019 unathera pa mgwirizano wa 2021 womwe a Public Affairs Committee, bungwe la zipembedzo zosiyanasiyana, anayanjanitsa, woti atsikana azivala hijabu yogwirizana ndi mtundu wa yunifolomu m'sukulu za mipingo, ndipo mu 2023 khothi lalikulu ku Zomba linagamula kuti ana achirasta azilandiridwa m'sukulu za boma ndi tsitsi lawo. Kunja nakonso anthu amapambana, ku America mtsikana wina Samantha Elauf anamukaniza ntchito kusitolo ya Abercrombie & Fitch mu 2008 chifukwa cha hijabu, mlandu unafika ku khothi lalikulu kwambiri ndipo anapambana mu 2015. Koma taonani zakazo, 2008 mpaka 2015, zaka zisanu ndi ziwiri. Komanso abwana ochenjera amathawira ponena kuti lamuloli ndi la aliyense, ngati mmene khothi la European Union linanenera mu 2017 kuti kampani ikhoza kuletsa bola ngati ikuletsa zizindikiro za zipembedzo zonse mofanana. Nde muwafunse, kodi ovala mtanda ndi korona pakhosi nawonso mwawapatsa mpaka Lolemba? Ngati ndi nkhani ya chitetezo, mwina mumagwira pafupi ndi makina kapena kokonza zakudya, imeneyo ndi yokambirana, pali hijabu zothina zolowetsa mkati mwa yunifolomu. Koma zoti makasitomala sakondwa si chifukwa.

Lolemba mupite mutavala. Musavule, ndikubwereza musavule, makamaka pagulu, mukangovula kamodzi adzanena zomwe anandiuza ine zija. Muwauze modekha kuti bwana lamulo limeneli mundilembere, pakhale deti ndi siginecha. Ambiri amabwerera pomwepo chifukwa akudziwa kuti pepala likafika ku ofesi ya zantchito kapena ku khothi la zantchito la Industrial Relations Court liwatsutsa okha. Akakana kulemba inuyo muwatumizire imelo kapena meseji yofotokoza zomwe anena, tsiku ndi nthawi, mujambule screenshot muisunge kwina osati mufoni ya kuntchito. Makope a kontilakiti ndi malamulo a kavalidwe a pakampanipo mutenge pano zinthu zisanaipe. A Malawi Human Rights Commission nawonso amalandira madandaulo otere. Anzanu a kuntchito musawadalire, olo amene mumadya nawo limodzi masana.

Koma ntchito musasiye chonde. Kalata yosiya musalembe olo akukwiyitseni bwanji, asiyeni akuchotseni okha ndi kalata yawo, ine ndinalemba ndekha ndipo ndi pamene ndinawapeputsira mlandu. Ndipo ndinene zoona, mwati muli ndi ana awiri ndipo bambo awo sali pantchito, zikafika poti ndi hijabu kapena ana agone ndi njala, vulani kaye achemwali mukusonkhanitsa umboni wanu, Allah akuona kuti mwakakamizidwa ndipo aliyense wokuweruzani muno sadzakulipirirani lendi. Chaka ndi miyezi iwiri ija ine ndinaimva kuwawa, mwana wanga anakhala teremu yathunthu osapita kusukulu. Kungoti mukavula mulembe tsiku lomwelo kuti ndavula chifukwa mwandilamula, osati mwakufuna kwanga, ndipo mukavulire kumbali pa nokha, asakuimitseni pakati pa anthu. Mukafuna ndikuthandizeni kalembedwe ka meseji ija mundipeze ku inbox usiku uno, ndimagona mochedwa.