Boiler ikazima m'chisanu, yambani ndi izi

Achemwali, mwati boiler, makina a gasi otenthetsera nyumba ndi madzi, yazima kuyambira usiku, ma radiator ali zii, madzi otentha palibe, ndipo landlord sakuyankha foni. Pepani kwambiri. Chisanu cha kuno ku England si chosewera nacho, makamaka pamene muli ndi ana m'nyumba.

Musanaitane munthu aliyense, onani kaye mita ya gasi. Ngati ndi yolipiriratu, ndalama ikatha gasi amaduka, boiler n'kuzima ngati yawonongeka. Onaninso mabatire a thermostat, kachipangizo kotcherera kutentha kwa m'nyumba, amatha mwakachetechete.

Zimenezi zikakhala bwino, pitani pa boiler penipeni. Kutsogolo kwake kuli kawotchi kapena manambala osonyeza mphamvu ya madzi m'mapaipi. Boiler ikazizira, muvi uyenera kuima pakati pa 1 ndi 1.5 bar. Ukatsika kwambiri, boiler imadzizimitsa yokha podziteteza. Ya Vaillant imalemba F22, ya Ideal imalemba F1. Pansi pake pamakhala kapaipi kasiliva kopindika, kamene amati filling loop, kokhala ndi timipopi. Tsegulani pang'onopang'ono maso ali pa muvi, ukayandikira 1.5 tsekani zolimba. Mukaona kuti mawa lake watsikanso, ndiye kuti penapake pakudontha, imeneyo si ntchito yanunso ayi, ndi ya katswiri.

Koma poti sabata ino kwazizira mpaka madzi kuuma kukhala ayezi, ine ndikukayikira kwambiri paipi ya condensate. Ndi paipi yapulasitiki, kawirikawiri yoyera, yotuluka pakhoma kunja kupita ku dreni. Madzi a m'menemo akauma, boiler imachita phokoso ngati ikugugudiza madzi, kenako n'kuzima. Ngati paipiyo mungaifikire muli chiimire pansi, ithireni madzi ofunda, osati owira chifukwa amaswa pulasitiki, kenako dinani batani la reset.

Manja anu alekezere pomwepo. Chivundikiro cha boiler musatsegule, ndipo musalole kuti wina atsegule chifukwa choti ndi m'bale wa kutchalitchi wodziwa ntchito zamanja. Kwathu tinazolowera kuti waluso aliyense amakonza chilichonse, koma kuno lamulo limalola okhawo olembetsedwa ku Gas Safe Register, kaundula wa akatswiri a gasi ovomerezeka, kugwira zipangizo za gasi. Akabwera, apempheni khadi lawo, muone chithunzi, tsiku lothera, ndi kumbuyo kumene kwalembedwa ntchito zimene amaloledwa kugwira. Palibe chamwano pamenepo, enieniwo amaonetsa okha.

Za landlord, lamulo lili kumbali yanu. Gawo 11 la Landlord and Tenant Act 1985 limati kukonza zotenthetsera nyumba ndi madzi ndi udindo wake, ndipo ndalama zake ndi za m'thumba mwake. Siyani kudalira foni yokha. Mulembereni uthenga kapena imelo lero lomwe, muikemo chithunzi cha nambala imene boiler ikuonetsa, mutchule kuti m'nyumba muli ana, mupemphenso hita yamagetsi yogwiritsa ntchito podikira. Amayeneranso kuitana katswiri woyendera zipangizo za gasi chaka chilichonse n'kukupatsani pepala lake pasanathe masiku 28. Ngati simunalionepo, lifunseni mu uthenga womwewo. Akapitiriza kukhala chete, kadandauleni ku khonsolo ya dera lanu, nthambi yoona za nyumba za lendi, ndipo mabungwe opereka malangizo a Shelter kapena Citizens Advice amathandiza kwaulere. Lendi yokha musasiye kulipira, mungamupatse chifukwa chokutulutsirani.

Chimene ndikukupemphani ndi mtima wonse n'choti musayatse makala m'nyumba, kaya pa mbaula kaya pa chowotchera nyama, ndipo musasiye uvuni wagasi chitsegulire kuti muothe. Nyumba za kuno n'zotsekeka ponseponse, mpweya wapoizoni wa carbon monoxide wochokera pamotopo sutuluka. Suoneka, sununkha, umangoyamba ndi mutu, chizungulire ndi tulo, ndipo ana ndiwo amayamba kugonja. Usiku uno gonani nonse m'chipinda chimodzi, mutseke makatani, ana muwaveke zovala zingapo zopyapyala pamwamba pa zinzake. Mukamva fungo la gasi, tsegulani mazenera, musakhudze switchi iliyonse, tulukani panja muimbe nambala ya ngozi za gasi, 0800 111 999.