Funsani za Ziweto: Kodi kachirombo kamayambitsa bwanji khansa mu nkhuku?

Funso: Nkhuku zanga zoikira mazira, za miyezi itatu, zinayamba kupuwala, mwendo umodzi utaloza kutsogolo wina kumbuyo. Mlangizi wa ziweto atatumbula imodzi, tinaona zotupa zoyera pachiwindi ndi pakapamba, ndipo anati ndi matenda a Marek, khansa yobwera ndi kachirombo. Kodi zimatheka bwanji? Mlimi wa ku Mchinji.

Yankho: Zimene munaonazo ndi zizindikiro zenizeni za matendawa, amene anawafotokoza koyamba József Marek, dokotala wa ziweto wa ku Hungary, mu 1907, ngakhale kachirombo kake, ka m'banja la herpesvirus, kanadziwika mu 1967. Kamachulukana m'tsinde la nthenga, n'kutuluka ndi mfundu wa pakhungu, ndipo nkhuku zina zimakapuma pamodzi ndi fumbi la m'khola.

Kakalowa m'mapapo, kamapita ku maselo oteteza thupi. Poyamba kamapha maselo ambiri otchedwa B, koma pakatha pafupifupi sabata imodzi kamabisala m'maselo a T a mtundu wa CD4, osawapha. Pamenepa ndi pamene pagona nkhani, chifukwa kamalumikiza DNA yake (malangizo a chibadwa chake) kumapeto kwa makromozomu (timitolo ta DNA ta m'selo) a nkhuku, pamalo otchedwa telomere, moti selo likagawikana, maselo onse otulukamo amatengera kachiromboko.

Chida chake chachikulu ndi puloteni yotchedwa Meq. Imeneyi imagwirana ndi puloteni ya nkhuku yotchedwa c-Jun, ndipo ziwirizi zikamatirira pa DNA, zimadzutsa malangizo ouza selo kuti lizigawikana mosalekeza komanso lisafe. Meq imafooketsanso p53, puloteni imene ntchito yake ndi kuimitsa kapena kupha selo limene lasokonekera. Umboni umene ine ndimauona kuti ndi wamphamvu kwambiri ndi wakuti akatswiri atachotsa malangizo opangira Meq, kachirombo kanachulukanabe koma sikanatulutse zotupa. Palinso zothandizira ziwiri: vTR, RNA (mbale wake wa DNA) yofanana kwambiri ndi ya nkhuku, imene imathandiza selo kusakalamba, ndi miR-M4, kachidutswa kakang'ono ka RNA kamene kamatsanzira kanzake ka nkhuku kotchedwa miR-155 n'kutseka pakamwa malangizo oletsa kukula. Maselo a T amenewa ndiwo amaunjikana m'chiwindi, m'kapamba ndi mu impso, ndipo akalowerera m'mitsempha ya m'miyendo, imatupa, nkhuku n'kupuwala monga zanuzo.

Mankhwala ochiza palibe, ndipo katemera wa chitopa sateteza matendawa. Katemera wa Marek, amene anayamba kugwiritsidwa ntchito cha m'ma 1970, amabayidwa anapiye a tsiku limodzi, choncho muzifunsa kumene mukugula anapiye ngati analandira. Dziwani kuti amaletsa zotupa koma saletsa nkhuku kutenga ndi kufalitsa kachiromboka, n'chifukwa chake anapiye atsopano muwaike m'khola lotsukidwa bwino, kutali ndi zotsalazo, makamaka m'masabata awiri oyamba. Kwa anthu kachiromboka sikayambitsa matenda.