Za zipatala za mishoni, malipiro ndi mapemphero a m'wodi

Achimwene, pepani ndi matenda a mayi. Mukuti munapita nawo kuchipatala cha mishoni, anakulipiritsani ndalama yolemera, kutacha munangomva nyimbo ndi mapemphero m'wodi. Ndiye mukufunsa ngati anthuwa ndi a Mulungu kapena a geni, komanso ngati mapempherowo si nyambo yokokera odwala kumpingo kwawo. Ine ndinagwira unamwino zaka zambiri pachipatala china cha mpingo m'chigawo chapakati chino, pano ndinapuma ndili kwathu ku Kawale. Ndikuyankhani monga ndinaonera.

Tiyambe ndi ndalama, poti ndi pomwe pakuwawa. Zipatalazi zili pansi pa CHAM, bungwe logwirizanitsa zipatala za mipingo yachikhristu, lomwe linayamba mu 1966, ndipo pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chithandizo cha zaumoyo m'dziko muno limachokera kumeneko, makamaka kumidzi. Ogwira ntchito ambiri amalandira malipiro ochokera kuboma, zoona. Koma mankhwala, magolovesi, mafuta a ambulansi, dizilo wa jenereta magetsi akathima dokotala ali pakati pa opaleshoni, zambiri mwa izi chipatala chimadzionera chokha. Kale kunkabwera makontena kuchokera kumipingo ya ku Ulaya, masiku ano amabwera mwa apo ndi apo. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya mankhwala inalumpha, chifukwa ambiri amagulidwa kunja. Ndalama munapereka pawindo ija ndi yomwe igule dripi ya wodwala wa mawa.

Komabe sindikuyeretsa aliyense. Ndinaonapo ndi maso angawa bambo wina akubwerera pageti ndi mwana wake kumsana atangomva mtengo, ndipo tsiku limenelo nsima sinandilowe. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti pali mgwirizano wa boma ndi zipatala zambiri za CHAM woti amayi oyembekezera ndi ana obadwa kumene azithandizidwa ulere, boma n'kudzabweza ndalamazo. Muzifunsa. Ndipo ngati zavutadi, pemphani kuonana ndi akuluakulu a chipatala, musangobwerera mwakachetechete.

Tisaiwalenso komwe tachokera. Chipatala cha Kamuzu Central chinatsegulidwa mu 1977. Nanga agogo athu ankachilira kuti izi zisanachitike? Ku Nkhoma mishoni inakhazikika mu 1896, chipatala chake chinayamba mu 1915, ndipo mpaka lero nkhalamba za ng'ala zimapita kumeneko zikutsogozedwa ndi mdzukulu, n'kubwerako zikuyenda zokha. Ku Likuni masisitere anayamba kuthandiza odwala mu 1940. Ku Namitete, St Gabriel's inayambitsidwa mu 1959 ndi masisitere ochokera ku Luxembourg. Ngakhale posachedwapa, mu 2008, Akhristu a ku Korea anatsegula Daeyang Luke cha ku Kanengo uku. Wofuna phindu sangakamange chipatala kumudzi komwe wodwala amabwera ndi nkhuku m'manja.

Tsono za mapemphero. Inde, m'mawa uliwonse tinkayamba ndi nyimbo imodzi ndi mawu ochepa, kenako aliyense kuntchito yake. Koma ine utumiki weniweni ndinkauona kwina. Ndimakumbukira gogo wina wachisilamu wochokera cha kunyanja, yemwe anagona m'wodi mwathu milungu itatu. Womudikirira anali kamtsikana, ufa unakathera sabata yoyamba yomwe. Kukhitchini kwa magadiyani kankangokhala pambali, anzake akuphika, iko kakunamizira kutsuka mphika wopanda kanthu. Amayi a chigwirizano atabwera kudzazonda odwala anakasiyira ufa, sopo ndi kankhuni, osafunsa n'komwe kuti kwanu mumapemphera kuti. Gogoyo atafooka, abusa a pachipatala anagwada pambali pa bedi n'kufunsa ngati angamupempherere. Iye anapukusa mutu, nati akufuna shehe. Abusawo anadzuka, anakwera njinga yawo, patapita kanthawi anabwera naye shehe atamukweza pakaliyala. Ine ndinali pomwepo ndikusintha dripi.

Nkhani inanso ndi ya bambo wina yemwe anasiya kumwa ma ARV chifukwa mneneri wina anamuuza kuti wachira, kumwa mankhwala n'kukayikira Mulungu. Anabwera atatheratu, m'kamwa muli zilonda zokhazokha. Ife anamwino tinayankhula mpaka kutopa, iye ayi. Mawu athu ankawatenga ngati a anthu osakhulupirira. Amene anamutha ndi abusa omwe aja. Anakhala naye masana onse, anawerenga naye Baibulo, kenako anatenga kapu ya madzi ndi mapilitsi n'kumuuza kuti nzeru za wopanga mankhwalawa anapereka ndi Mulungu yemweyo, tiyeni tipemphere kenako mumwe. Anamwa. Patapita miyezi ndinakumana naye pamsika akugulitsa tomato, ine osamuzindikira, anachita kundiitana yekha.

Apa ndi pomwe ine ndimaimira: m'dziko ngati lathu, pomwe munthu akadwala amayamba wafunsa kuti wandilodza ndani, jakisoni yekha sakwanira. Wodwala amabwera ndi mantha, ndi mkwiyo pa abale ake, ena amabwera atalemba mphini thupi lonse. Namwino mmodzi yemwe akuyang'anira wodi yodzaza usiku alibe nthawi yokhala pansi kumva zonsezo. Pamafunika wina woti akhale pansi.

Koma pemphero lokakamiza, limenelo ayi. Wodwala ali ndi ufulu wokana, ndipo kukanako sikuyenera kusintha kalikonse pa chithandizo chake. Ngati wina anauza mayi kuti alowe mpingo wakutiwakuti kuti athandizidwe bwino, ameneyo walakwira chipatala ndi mpingo womwe, kamunenezeni kwa oyang'anira. Ngati anangoimba n'kupempherera onse m'wodi, mwina afunseni mayiwo kuti iwo anazimva bwanji. Odwala ambiri omwe ndinawasamalira ankachita kutiitana okha kuti sisitala, musanapite mundiikeko m'manja mwa Ambuye.

Lisiti lija musataye, likuthandizani mukamabwerera nawo kukaonedwanso. Mayiwo akupeza bwanji lero, ayamba kudya?